Mwala Umodzi, Manda Awiri

Ndinaphunzira kuwerenga imvi zitayamba kale, ku sukulu ya kwacha ku Nchalo, kumene ndinadula nzimbe mpaka msana unakana. Ndimawerenga ndithu, koma pang'onopang'ono, chala chili pansi pa chilembo. N'chifukwa chake pa gulu lathu la pa Watsapu, limene ana analitcha Mbumba ya a Namwale, ine ndimakhala wotsalira. Ndikamamaliza uthenga umodzi, anzanga amakhala atakangana, atagwirizana, ena atayamba kale nkhani ina. Ndinazolowera kungomvera mauthenga a mawu, olembawo n'kumawadumpha.

Gululi analiyambitsa ndi Tiyamike, mwana wa mlongo wanga Elube. Linatithandiza, sindinganame. Abale amene ndinkangomva kuti ali ku Joni kapena ku Mzuzu ndinayamba kuwamva mawu ndili pakhonde panga. Chithunzi cha gululo ndi cha agogo athu, a Esinati Namwale ndi amuna awo a Yotamu Banda, ataima pafupi ndi chigafa cha fodya kwathu ku Chamama. Chithunzi chawo n'chomwecho basi, china tilibe. Chaka chatha, fodya atagulitsidwa, achinyamata anagwirizana zomangira agogowo chiliza. Anasonkha, anasankha Loweruka lotsegulira, ndipo mwala anauitanitsa kwa mmisiri wina wa ku Limbe. Poti ine ndine wamkulu wotsala, komanso njira yanga imadzera ku Blantyre komweko, ntchito younyamula inagwera ine. Anandiuza kuti ufike Lachisanu, womanga auike pa simenti kuti ugone utagwira.

Ndinanyamuka pa Nchalo Lachinayi m'mamawa. Minibasi inakwera mapiri a pa Thabwa ikubuula, ndipo ku Limbe ndinafika dzuwa lisanakwere kwambiri. Mmisiri anachotsa katoni imene anaphimbira mwalawo. Unali wakuda, wosalala, wofika m'chiuno, woti amuna awiri okha sangaunyamule. Ndinagwada n'kuika chala. Kumanzere kunalembedwa Esinati Namwale. Kumanja kunalembedwa Yotamu Banda. Pansi pake panali mawu akuti pano pagona makolo athu. Ndinawerenga kawiri, kenaka ndinapempha mpando.

Ku manda a kwathu ku Chamama kunagona munthu mmodzi yekha mwa awiriwa. A Yotamu anali mkamwini wochokera kwa Njombwa. Agogo aakazi atamwalira, anthu atameta, amalume anawasudzula nkhalambayo kuti abwerere kwawo, ngakhale kuti zigafa zonse za pamudzi anazika ndi iwo. Ine ndinali mnyamata wa njinga, ndiye ananditumiza kukawatula. Ndinawatsitsa pamphambano pomwe njira ya kumudzi kwawo imasiyana ndi msewu, thumba lawo lili pambali, n'kuwauza kuti ndidzabwera kudzawaona ndikagulitsa fodya. Sindinapiteko. Za maliro awo ndinamva ndili kale ku Nchalo. Akuluakulu onse ankazidziwa zimenezi. Ana sitinawauze, nawonso poona chithunzi chija anangoganiza kuti anthu oima pamodzi amagonanso pamodzi.

Ndinaimbira Elube, amene anali kale pakati pa alendo ndi miphika kumudzi. Iye sawerenga, ankangomva kuti kukubwera mwala wa agogo. Nditamufotokozera anati mwala wagobedwa kale, ana abwera kuchokera kutali, womanga akudikira, ndiye palibe chobwerera.

"Bweretsani, alongo. Akufa sawerenga."

Mmisiri anaukulunga mwalawo ndi makatoni ndi ziguduli, n'kuumanga ndi zingwe za tayala. Anandilangiza kuti kudepoti ndisanene kuti ndi wa chiliza, chifukwa madalaivala ambiri salola zinthu za kumanda m'galimoto mwawo. Anati ndizinena kuti ndi pamwamba pa tebulo. Ku depoti ya Wenela ndinanena zomwezo. Kondakitala anaukankha ndi phazi, n'kunena kuti tebulo lolemera chonchi amadyerapo ndi ndani, ndipo anandilipiritsa ngati ndakwera ndi munthu wina wachiwiri. Anyamata anaulowetsa m'buti ya basi. Pamwamba pake mayi wina wamalonda anasanjikapo madengu a nsomba zouma.

Mayiyo ndi amene ndinakhala naye mpando umodzi. Anali wonenepa, wansangala, ndipo tisananyamuke n'komwe anali atandigawira kale chinangwa chophika ndi kundiuza mbiri ya mwamuna wake woledzera. Basi inadzaza mochedwa. Tinatuluka m'tauni dzuwa litafika pamutu, tikuima pa Lunzu, tikuimanso paliponse pamene munthu wakweza dzanja.

Pa Zalewa apolisi anatitsitsa tonse n'kulamula kuti buti itsegulidwe. Wapolisi wina wachinyamata anagogoda katundu wanga ndi ndodo, n'kufunsa mwini wake. Ndinati ndi tebulo. Anati limasulidwe. Anatsitsa madengu, anadula chingwe chimodzi, n'kung'amba katoni. Zilembo zinaonekera, zoyera pa mwala wakuda, ndipo anthu onse amene anaunjikana pamenepo anawerenga mofulumira kuposa ine. Wapolisiyo sanandivute. Anangoti pepani madala, mangani muzipita. Amene anandivuta ndi mayi wa nsomba uja. Anagwira m'chiuno n'kufunsa gulu lonse kuti nsomba zake zagona pa manda kuchokera ku Blantyre, tsono adzagula ndani. Mnyamata wina wa chipewa chokhota anamuyankha kuti nsombazo n'zakufa kale, zapeza malo oyenera. Ena anaseka, ena ayi. Kondakitala anandiyang'ana, n'kumenyetsa chitseko cha buti. Titakweranso, mayi uja anasinthana mpando ndi mnyamata wa chipewayo.

Titadutsa pamphambano ya ku Balaka foni yanga inalira. Nambala inali yachilendo. Munthuyo sanapereke moni. Anati dzina lake ndi Fanuwelo, mwana wa a Nabanda a kwa Njombwa. A Nabanda ndinkawadziwa. Ndi mwana wa mlongo wawo wa a Yotamu, ndipo ndi amene anasamala nkhalambayo mpaka tsiku lomaliza. Sindinkadziwa kuti akadali moyo. Fanuwelo anati chithunzi cha mwala achiona, Tiyamike anachiika poonekera pa foni ndipo chinayenda mpaka kufika kwa iwo. Anati munthu tinamutaya ngati mpini wothyoka, lero tikufuna dzina lake likongoletse manda athu, osapempha, osadziwitsa eni ake.

"Msewu wa ku Kasungu ndi umodzi, bambo. Mukawoloka Bua mutipeza. Mwala wa agogo athu utsikira pamenepo."

Anadula. Ndinakhala foni ili m'manja, mnyamata wa chipewa akundiyang'ana cham'mbali. Ndinaganiza zolemba pa gulu, koma kulemba kwanga n'kochedwa kuposa kuwerenga, ndipo mawu sakanatuluka bwino m'basi yodzaza anthu amene anali atandikwiyira kale.

Tisanafike pa Ntcheu tayala la kumbuyo linaphulika. Basi inayenda chokhotakhota, azimayi akuitana Yesu, mpaka inaima m'mbali mwa munda wa chimanga chokolola. Palibe anavulala. Tayala lapadera linapezeka lopanda mpweya, ndiye kondakitala anakwera nalo pa njinga ya kabaza kupita ku boma. Tinakhala paudzu. Mphepo ya ku Ntcheu m'nyengo imeneyo imalowa mpaka m'mafupa, ndipo ine ndinali nditavala za ku chigwa. Anthu anakhala m'timagulu, ine ndekha. Ndinkamva mawu oti mwala, mwala, akuchokera uku ndi uku. Bambo wina wa Baibulo m'manja anayesa kuwauza kuti mwala ndi mwala basi, matayala amaphulika ngakhale pa basi yonyamula akwati. Mayi wa nsomba anamufunsa ngati iye angalole kugona nawo m'nyumba. Bamboyo anatsegula Baibulo lake n'kuyamba kuwerenga chamumtima.

Tayala litabwera tinayenda pang'ono, injini n'kuyamba kutulutsa nthunzi. Apa dalaivala, amene ulendo wonse sanalankhule nane, anabwera pampando wanga. Analankhula mwaulemu, motsitsa mawu. Anati iye sakhulupirira zambiri, koma basi si yake, ndipo anthu akana kupitirira ngati katundu wanga akhalamo. Anandibwezera gawo la ndalama zanga. Pa Ntcheu anyamata anautulutsa mwalawo mofulumira ngati ukuwotcha, ndipo ngodya imodzi inamenya pansi. Phokoso lake ndinalimva m'mano. Basi itachoka ndinakhala nthawi ndithu ndikuopa kumasula. Nditalimba mtima ndinapeza kuti kangothethekako kachidutswa kakang'ono kumbuyo, mayina ali bwinobwino. Mlonda wa nyumba ina yogona alendo anandithandiza kuukokera pakhonde, ndipo ndinagona pamenepo, msana nditautsamiritsa pa mwala.

Lachisanu m'mawa ndinasiya kunama. Aliyense wondifunsa ndinkamuuza kuti ndi mwala wa chiliza. Maminibasi anakana motsatizana, ena asanamalize n'kumva komwe. Dzuwa linakwera ndili chiimire. Potsiriza inaima pikapu yonyamula mbatata ya kachewere, dalaivala wake bambo wa ndevu ndi kachisoti koyera. Nditamuuza chimene ndanyamula anaseka pang'ono, n'kunena kuti tonse tikupita komweko, kwezani. Anaika mwala choimiritsa pakati pa matumba kuti usagwedezeke, ine n'kukhala kutsogolo. Pa Lizulu anawonjezera kabichi, pa Dedza anaima kudikira mnzake amene sanabwere. Ndinkangoyang'ana mthunzi wa mitengo ukufupika. Iye anaona, n'kundifunsa ngati ndikuthawa munthu kapena ndikuthamangira munthu. Ndinati zonse ziwiri.

Mu Lilongwe tinakwawa pamzere wa magalimoto. Bamboyo anandichitira chifundo, anandipitirizira mpaka ku Kanengo, kumene malole obwera ndi mabelo a fodya ku okushoni amabwerera opanda kanthu. Ndinayenda lole ndi lole kufunsa ya ku Kasungu, mpaka ndinapeza ya a Mbewe, bambo wamfupi wa dazi, amene anati kwawo n'ku Chamama komweko ndipo mudzi wathu amaudziwa. Sananyinyirike za mwala. Anati lole yawo yanyamulapo maliro enieni, mwala ungawaopse bwanji. Vuto linali dizilo. Lole inali pamzere wa mafuta, ndipo mzerewo unkayenda ngati nkhono.

Tinadikira pamenepo mpaka dzuwa linapendeka. M'lole munkanunkha fodya, fungo limene ndinakula nalo, ndipo tizidutswa ta masamba tinkauluka mphepo ikawomba. Elube anaimba kangapo. Nditamuuza za Fanuwelo mawu ake anauma. Anati anthu amenewo anali kuti zaka zonsezi, bwanji sanamange okha chiliza ngati amawakonda malume awo. Anati womanga wasakaniza kale mchenga, anyamata a ku Joni abwerera Lamulungu, ndipo ndikalola mwala kutsika panjira ndisafike n'komwe pamudzi. Anandiuza kuti ndithimitse foni, ndigone kumbuyo kwa lole ndidzifunditse lona. Tiyamike nayenso anaimba akulira, akuti amalume ndalakwitsa ndine, bwanji simunanene. Ndinamuuza kuti sanalakwe kanthu. Fanuwelo anaimba komaliza titangothira mafuta. Anangoti ali pamsewu kuyambira m'mawa, ndipo ngolo abwera nayo.

Ndinawafotokozera a Mbewe zonse tikudutsa pa Lumbadzi, chifukwa sindinafune kuti nawonso adzidzimuke ngati dalaivala wa basi. Anamvetsera akutafuna nzimbe. Anati nkhani za mabanja iwo salowerera, koma lole yothamanga palibe amaiimitsa ndi manja, ndipo anthuwo sakudziwa kuti tili mu iti.

"Mukati tidutse, tidutsa. Mukati tiime, tiima. Koma munene msanga, mabuleki anga saganiza mofulumira."

Pa Mponela tinakweza azibambo awiri ndi matumba a feteleza. Pa Madisi mmodzi anatsika. Dziko linayamba kutambasuka monga limachitira kwathu, minda ya fodya yotsala mapesi okhaokha, zigafa zopanda kanthu, utsi wa lupsa patali. Ndinali ndisanasankhe. Ndinkadziuza kuti Elube akunena zoona, mwala ndi wa ana, anasonkha okha, ine ndangotumidwa. Ndinkadziuzanso kuti wotumidwa satula katundu panjira.

Tinawoloka mlatho wa Bua. Titayenda pang'ono ndinaona ngolo ya ng'ombe kumanzere kwa msewu, ndi amuna angapo ataimirira, akusuzumira m'galimoto iliyonse yodutsa. A Mbewe sanachotse phazi pamoto, anangondiyang'ana. Chapatali pang'ono ndi amunawo, pamphambano pomwe, panakhala munthu wokalamba pansi, miyendo atatambasula, kathumba kali pambali.

"Imani," ndinatero.

Lole inakaima patsogolo ndithu. Ndisanatsike n'komwe, bambo wamtali wa malaya ofiira anali atakwera kale kumbuyo, akukoka chiguduli. Ndinadziwa kuti ameneyo ndi Fanuwelo. Anzake anabweretsa ngolo pafupi. Koma wokalamba uja anakweza ndodo yake osadzuka.

"Tsika, iwe. Unayamba liti kugwira katundu wa mlendo usanapereke moni?"

Fanuwelo anatsika, nkhope ili gwa. Ine ndinapita kukagwada patsogolo pa a Nabanda. Anali atachepa thupi ngati mwana, maso atachita mtambo. Anandigwira dzanja, anandipapasa kumaso ndi kumutu, n'kufunsa ngati ndine Binisoni uja wa njinga. Ndinavomera.

"Fodya uja wagulitsa tsopano?"

Iwo sanadikire yankho. Anati malume awo chaka chilichonse malole a mabelo akayamba kudutsa ankatulutsa mpando kukhala poyang'ana kumsewu, koma zimenezo n'zakale, iwo sanakhale padzuwa tsiku lonse kuti adzakambe za njinga. Analamula kuti awadzutse, mwala aukokere kumapeto kwa lole, aumasule. Anayendetsa manja pa mwalawo kuchokera pamwamba mpaka pansi. Fanuwelo anayamba kuwawerengera, koma anamuletsa, n'kunena kuti awerenge amene waubweretsa. Ndinaika chala n'kuwerenga mokweza, chilembo ndi chilembo, magalimoto akudutsa, amuna aja akundiyang'ana. Nditafika pa dzina la a Yotamu anandigwira dzanja n'kuika chala chawo pamene panali changa. Anakhala choncho kanthawi.

Fanuwelo anati dzuwa likupita, mwala ukwere pangolo. Mayi ake anamufunsa, osatembenuka, kuti akauimika pati. Iye anayang'ana kumbali. Ndi pamene a Nabanda anandiuza kuti chithunzi cha mwala chija chitangofika, iwo ndi Fanuwelo anapempha chilolezo n'kulowa kumanda kukafuna mtumbira wa a Yotamu. Sanaupeze. Mitumbira yakale inafafanizika, mitengo inakula, ena anaikidwa pamwamba pa anzawo, adzukulu amene anakumba anatha onse, ndipo maso a iwo eni sakuonanso. Anazungulira mpaka miyendo inakana. Anati mwana wawoyu ukali wonsewu ndi wa manyazi amenewo. Fanuwelo anayankha kuti ngakhale zili choncho, kuli bwino mwala ukhale kuseri kwa nyumba yake kusiyana n'kuti dzina la agogo ake likalowe m'mudzi umene unawathamangitsa.

A Nabanda anati ayi. Anati malume awo mpaka kufa ankalota za ku Chamama, ankatchula mayina a ng'ombe za kumeneko, ndipo ngati adzukulu awo akuwafuna, apite. Koma mkamwini salowa m'mudzi wa eni yekha ngati mbuzi yosochera. Pokakwatira paja anaperekezedwa ndi ankhoswe, ndipo a kuchikazi anatuluka kudzawalandira. Pobwera kuno anabwera opanda wowaperekeza mpaka pakhomo. Tsono ulendo uno apita mwa dongosolo. Iwo akwera nawo lole yomweyi monga nkhoswe, Fanuwelo akhala mboni, ndipo mwini mbumba wa ku Chamama atuluke kudzawalandira kumsewu.

Ndinati mwini mbumba ndine, ndipo ndikuwalandira pompano. Anaseka koyamba. Anati ine ndine wa mtengatenga chabe, mudzi ndi wa akazi, aimbireni Elube.

Ndinaimba n'kukweza mawu a foni kuti onse amve. Elube atamva kuti ndaima pa Bua anayamba kundikalipira, mpaka a Mbewe anasunthira kutali ngati akuyang'ana matayala. Nditamufotokozera zimene a Nabanda akufuna, anati iye ali ndi alendo odzaza bwalo, mawondo ake ndi otupa, ndipo sangasiye zonsezo kukagwadira anthu amene aimitsa katundu wa eni pamsewu ngati achifwamba. A Nabanda anandilanda foni, n'kuigwira patsogolo pa kamwa ngati chikho.

"Elube, ndine Nabanda. Ndikubweretsa mwamuna wa agogo ako. Undipeze pamphambano ndi nkhuku, osati yodwala. Ndikapanda kukupeza, lole itembenuka ndi mwala womwe."

Kumbali inayo kunamveka phokoso la anthu ndi mbale, kenaka foni inaduka. Ndinaimbanso, sanayankhe. A Mbewe anati iwo za kutembenuka sanagwirizane nazo, dizilo wake ali kuti. Fanuwelo anati lole ikakana kutembenuka ngolo idzabwera kudzautenga mwalawo ngakhale patapita masiku, koma pansi pa ku Chamama sutsika.

Tinawakweza a Nabanda kutsogolo, pakati pa ine ndi a Mbewe. Fanuwelo anakhala kumbuyo, mkono uli pa mwala. Pa Chinkhoma tinadutsa osaima. Pa boma la Kasungu bambo wa feteleza uja anatsika, ndipo anachedwa kufuna wa kabaza womunyamulira matumba, ine ndikungoyang'ana dzuwa likufiira kuseri kwa phiri. Ndinayesa Tiyamike, foni yake inali yotanganidwa. Pa gulu mauthenga ankagwa ngati matalala. Ndinayesa kuwerenga umodzi, lole n'kugwedeza, chala n'kuchoka pamzere. Ndinaibweza m'thumba.

Titasiya tala, msewu unali wa mabampu okhaokha. Lole yopanda katundu imadumpha, ndipo bampu iliyonse ndinkamva mwala ukugunda kumbuyo, Fanuwelo akukuwa kuti pang'onopang'ono. M'njira a Nabanda anafunsa ngati mtengo wa mkuyu wa pa dambo la kwathu ulipobe, chifukwa malume awo ankaukamba. Ndinati sindikudziwa, nanenso ndatha zaka osafika. Anati ndiye ndinu a mtundu umodzi, inu ndi malonjezo anu.

Tinadutsa magolosale a pa Chamama akutseka. Pamphambano yolowera kumudzi kwathu a Mbewe anaimitsa lole n'kuzimitsa injini. Panalibe munthu. Kuchokera kumudzi kunkamveka nyimbo za kwaya ndi kulira kwa ana. Ndinafuna kutsika kuti ndithamangire kumudzi ndikamugwire mwendo mlongo wanga, koma a Nabanda anandigwira malaya. Anati wolandira saitanidwa kawiri. A Mbewe anayang'ana kumadzulo n'kuyamba kugogoda chiwongolero ndi zala. Fanuwelo anaimirira kumbuyo, n'kunena mokweza kuti iye ananena kale, anthu awa sasintha. Anauza a Mbewe kuti alize injini.

A Mbewe anali atagwira kale kiyi pamene kwaya ija inasiya kuimba. Patapita kanthawi, m'njira ya pakati pa zigafa munatulukira anthu. Patsogolo panali Elube, akuyenda motsimphina, chitenje chatsopano cha mwambo wa mawa atachimanga kale m'chiuno, tambala ali m'khwapa. Kumbuyo kwake kunali Tiyamike, azimayi a pamudzi, ndi anyamata a ku Joni ndi majekete awo, mafoni ali m'mwamba. Nkhope ya Elube inali yokwiya ndithu, ndipo ine sanandiyang'ane n'komwe.

Tinawatsitsa a Nabanda n'kuwakhazika pansi. Elube anafika, anaima, kenaka anayamba kugwada. Zinamutengera nthawi, bondo limodzi kenaka linalo, Tiyamike atamugwira mkono. Anaomba m'manja mwaulemu n'kupereka tambala uja ndi manja awiri.

"Takulandirani, amayi. Mwana wanu tamulandira. Nyumba yake ilipo."

A Nabanda analandira tambalayo, anamupapasa pachifuwa ndi m'ntchafu monga amachitira ogula pamsika, n'kunena kuti ndi wowonda, koma malume awo sankadya kwambiri. Azimayi ena anaseka, Elube anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Kenaka nkhalambayo inatembenukira kumene kunali lole.

"Fanuwelo, atsitseni. Pang'onopang'ono, ndi okalamba."

Fanuwelo anakankhira mwala kumapeto kwa lole, anyamata a ku Joni anaika mafoni m'matumba n'kuyandikira, ndipo ine ndinalowetsa phewa langa pansi pa ngodya ya kumanja.